Khomo Lakuseri Lomwe Linkayankha Kuti "Tamva"

Ndimaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina ku Balaka, ndipo ndinene ndisanapite patali kuti matama ndinali nawo, ochuluka ndithu. Munthu akandibweretsera foni yokana kuyaka ndinkayamba ndamuseka kaye, kenako n'kuikonza ndikuyang'ana kwina, kuti aone kuti kwa ine zimenezi n'zosenda ngati nthochi. Anzanga kusukulu ankati ndimadzimva shuga. Sankanama.

Kwathu ndi kwa Kawinga. Kwa mayi athu tinabadwa awiri okha, ine woyamba, kenako chemwali wanga amene ndinasiyana naye zaka zisanu ndi chimodzi. Ali wamng'ono ankandiuza chilichonse. Popita kusukulu nthawi ya dzinja ndinkamubereka powoloka dambo, iye n'kumandinong'oneza m'khutu za amene wamutsina, za nkhuku imene yaikira mazira m'nkhokwe, za maloto ake, mpaka ndinkamuopseza kuti akapanda kutseka pakamwa ndimuponya m'madzi. Sankatseka.

Amalume atamwalira, umwini mbumba unagwera ine ndevu zisanagwirane n'komwe. Ndiye chemwali atapeza mwamuna, wogulitsa nsomba zouma wa kugombe la nyanja ya Chiuta, nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine. Alamu anapempha chitengwa, kuti mkazi akakhale nawo kunyanja komwe kunali mathandala awo oyanikapo nsomba. Amene anavomera ndi ine, nditakhala pampando, miyendo nditasanjikiza ngati munthu wodziwa za banja.

Chaka choyamba chisanathe chemwali anabwera kudzadandaula kuti alamu akamwa amakweza dzanja. Ndinachita zimene nkhoswe imachita. Ndinatumiza mawu kuchimuna, tinakhala pansi mbali ziwiri, alamu anagwada, analira misozi yeniyeni, anabweretsa tambala. Ine ndinatembenukira kwa chemwali n'kunena mawu amene ndinawamva kwa akuluakulu, oti banja ndi kupirira, ndipo za m'nyumba sayanika pamsewu. Madzulo a tsiku lomwelo anakwera njinga ya mwamuna wake kubwerera kunyanja. Zimene zinachitika chitseko chitatsekedwa sindinafunse, ndipo iye sanadzadandaulenso. Ine ndinkati ndaweruza bwino.

Patapita zaka zingapo, kutauni kuno kunayambika kagulu ka amayi othandiza akazi amene akumenyedwa m'mabanja. Ankatsogolera ndi amayi ena aakulu, opuma pantchito ya unamwino, olankhula pang'ono koma oyang'ana munthu mpaka kumuchititsa manyazi. Anandipeza kusukulu n'kundiuza vuto lawo. Nambala ya foni anali nayo, koma akazi ambiri ankaopa kuimba, chifukwa mwamuna akafika pakhomo amatenga foni n'kuyang'ana amene mkazi walankhula nawo. Ankafuna tsamba la pa intaneti pomwe mkazi angalembe zimene zikumuchitikira osatchula dzina, n'kunena njira yabwino yomufikira. Ndinavomera asanamalize kulankhula.

Gululo linali losauka, ndiye ntchitoyo ndinaigawa pawiri. Masamba owerenga, onena za malamulo ndi kumene munthu angathawire, ndinawaika kwa kampani ina yakunja yosunga masamba ulere. Koma kumeneko salandira makalata. Bokosi lolandira makalata ndinaliika kwina, pa seva yotchipa, kompyuta ya eni ake imene sindinaionepo ndi maso. Munthu akatsegula pafoni ankaona nyumba imodzi, koma kwenikweni inali ngati golosale imene kauntala ili pamsewu pomwe katundu amasungidwa kumpanda wina. Pachipata cha bokosilo panali mlonda, pulogalamu yobweza makalata achabechabe a otsatsa malonda. Mlondayo ndinamukhwimitsa ndekha, n'kumadzitama kuti ngakhale ntchentche singalowe.

Kenako ndinafuna kuonjezera chinthu chimene anzanga ophunzitsa makompyuta sankachidziwa n'komwe. Pali njira ina pa intaneti imene imabisa woyenda. Uthenga wako umakutidwa magawomagawo ngati anyezi, n'kudutsa m'makompyuta angapo a anthu osadziwana, moti ngakhale a kampani ya foni sadziwa kumene wapita, ndipo ukatseka pulogalamu yake foni imaiwala zonse. Tsamba likhoza kukhala ndi adiresi yakeyake m'njira imeneyi, khomo lakuseri. Ndinatenga laputopu yakale yosweka sikirini, n'kuiika pansi pa tebulo kunyumba kwanga, yolumikiza ku batire ya sola kuti magetsi akazima isazime nawo, n'kukoperamo masamba aja. Inandipatsa adiresi ya zilembo makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, zosakanikirana ndi manambala, zopanda mutu ndi mchira, ngati nkhuku yayenda pa kiyibodi. Ndinayenda nayo m'thumba la shati sabata yonse, kuonetsa aliyense amene ndakumana naye.

Mawu otuluka munthu akadina batani lotumizira ndinawalemba ndekha, ndipo ndinawakonda kwambiri: "Zikomo, tamva. Simuli nokha. Tikufikirani m'njira imene mwatiuza." Ndinawawerengera amayi anamwino aja mokweza, kawiri.

Ndinayesa kulemba kalata kudzera pa adiresi wamba, khomo lakumaso, ndipo inafika m'bokosi. Ndinatsegula khomo lakuseri pafoni yanga. Linachedwa, monga imachitira njira imeneyi, kenako masamba onse anaoneka bwinobwino. Belu la kusukulu linali pafupi kulira, ndiye ndinatseka n'kunyamuka. Tsiku lotsatira amayi anamwino anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kuseriko mwayesa kulemba kalata n'kuiona itafika?" Ndinawayankha mwamwano umene ndimaukumbuka mpaka lero: "Amayi, inu zanu ndi jakisoni, izi tisiyireni eni ake." Anangoti chabwino. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinachita kufunsidwa, phulalo n'kudyabe.

Pa Pasaka ndinapita kwa Kawinga, ndipo chemwali anabwera kuchokera kunyanja. Titachokera ku Misa tinakhala kuseri kwa nyumba ya mayi, pamthunzi. Foni imene anali nayo ndinamupatsa ndine, ndiye ndinaitenga osapempha n'kuikamo pulogalamu ija. Ndinang'amba pepala m'kope langa n'kulembapo zilembo zonse zija.

"Ukawauze amayi anzako kumathandalako," ndinatero. "Amene ali pamavuto alembe apa. Mwamuna wake ngakhale atafufuza foni mpaka kuiphwasula, sapeza kanthu. Akafunsa za pulogalamuyi, ndi yowerengera nkhani basi."

Chemwali analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali. "Nanga amawerenga ndani, achimwene?"

"Bokosi ndimatsegula ndine m'mawa uliwonse, kenako ndimapereka kwa amayi a gulu lija."

"Inuyo ndi maso anu?"

"Ine ndemwe. Winanso ndani angazithe?"

"Koma simudziwa kuti walemba ndani."

"Iyayi, pokhapokha wolembayo atadzitchula yekha."

Analipinda pepalalo mpaka linachepa ngati chikhadabo, n'kulimanga pakona ya chitenje. Ine mumtima ndinati mwanayu wagoma nane. Mpunga wa Pasaka ndinaudya mosangalala.

Miyezi inapita. Makalata ankafika, osati ambiri, koma ankafika, ndipo amayi aja ankathamanga nawo. Onse ankadzera kukhomo lakumaso. Kuseri kunali zii. Amayi anamwino atafunsa chifukwa chake, yankho ndinali nalo kale: anthu akumudzi zilembo zambiri zimawatopetsa, chinthuchi chawakulira. Ndinanena zimenezi ine, mwana wa kwa Kawinga, amene ndinavala nsapato koyamba ndikupita ku sekondale.

M'miyezi imeneyo chemwali anayamba chizolowezi chondiimbira masana a tsiku la msika. Ankafunsa za moyo wanga, za ana a sukulu, kenako n'kukhala chete pafoni. Ndinkamva phokoso la msika kumbuyo kwake, njinga, anthu otsatsa. "Palibe nkhani kumeneko, achimwene?" Ine ndinkati nkhani yanji, iwe, ndili ndi mapepala oti ndichonge, lankhula ngati uli ndi mawu. Ankati iyayi, ndimangokupatsani moni. Ndinafika pomuuza mayi kuti mwana wanuyu kunyanja kwamupatsa ulesi, amangoimba foni yopanda nkhani.

Khirisimasi inafika ndi kutentha kuja kwa mvula ikadula masiku angapo, koti ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Chemwali anabwera ndi alamu, ali ndi pakati pooneka kale, poyamba patatha zaka zodikira. Mayi ankangomuzungulira ndi chimwemwe. Alamu ananditengera mtolo wa milamba yowamba, yonona, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri, alamu, alamu, kuseka kokhakokha. Chemwali anali atavala juzi ya mikono yaitali.

Masana ndinali pakhonde ndikukonza waya wa sola ya mayi. Chemwali anabwera n'kuima pafupi, osakhala pansi.

"Achimwene, bokosi lija mumatsegulabe?"

"Tsiku lililonse," ndinayankha, maso ali pa waya.

"Mumawerenga zonse?"

"Zonse. Palibe chimandidutsa."

Nditadzutsa mutu ndinapeza akundiyang'ana, kuyang'ana kwa munthu wodikira kuti unene kanthu. Ndinanena kanthu ndithu. Ndinati, "Kodi kunyanjako kwagwa chisanu cha mu Juni? Juzi dzuwa lonseli, ukufuna kumuphika mwanayo asanabadwe?" Anaseka ndi pakamwa pokha, n'kupita kukhitchini.

Nthawi ya chakudya anagwada kundithirira madzi osamba m'manja. Mkono wa juzi unakwera pang'ono, ndipo ndinaona zipsera zakuda zozungulira pamwamba pa dzanja, ngati pomwe pagwira zala. Ndinaona. Sindinganame kuti sindinaone. Mutu wanga unathamanga kundipezera chonena: ndi zingwe za madengu a nsomba, ntchito ya kunyanja ndi yowawa. Alamu anali pambali panga akundiikira nthutumba ya nkhuku m'mbale. Ndinakutumula madzi m'manja n'kuyamba kudya. Ndinadziuza kuti akanakhala ndi vuto akanandiuza, nanga si ndine nkhoswe.

Mu Febuluwale mayi anaimba ndili m'kalasi, nthawi ya m'mawa. Mayi saimba nthawi ya sukulu, ndiye ndinatuluka panja. Anati chemwali ali kuchipatala ku Liwonde. Amayi a kumathandala ndi amene anamutola pakhomo pake n'kumupemphera malo m'galimoto ya nsomba. Mwana wapita. Sindikukumbuka mmene ndinakwerera minibasi. Ndikukumbuka kuti ndinakalipira kondakitala chifukwa choima pa siteji iliyonse, mpaka anthu anachita kundiletsa.

Ndinamupeza atagona chammbali, akuyang'ana khoma, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka. Mayi anali atakhala pa chitenje pansi, pambali pa bedi. Mkwiyo wanga umathamanga kuposa nzeru, ndi mmene ndinabadwira. M'malo momupepesa ndinayamba kukalipa.

"Bwanji sunandiuze? Ine ndilipo, nkhoswe yako, foni uli nayo. Unkadikira kuti akuphe?"

Anatembenuka pang'onopang'ono. Mawu ake anali otsika moti ndinachita kuwerama.

"Ndinakuuzani."

"Liti? Iwe, liti?"

"Kasanu ndi kanayi. Nthawi iliyonse munkayankha kuti tamva."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mayi.

Anandifotokozera osalira, ndipo kusalirako n'kumene kunandipha. Kunyumba kwawo netiweki sigwira bwino, komanso alamu amakhala pafupi. Ndiye ankadikira tsiku la msika ku Nayuchi, pomwe ankamutuma ndi madengu a nsomba kukagulitsa kwa amalonda odutsa malire. Malonda akazizira ankasiyira mnzake dengu, n'kupita kuseri kwa milu ya matumba pafupi ndi njanji. Pepala lija kunyumba ankalisunga m'chitini cha mchere wothira nsomba, pansi penipeni, pomwe mwamuna safikitsa dzanja. Zilembo zonse zija ankazilemba chimodzichimodzi ndi chala. Akaphonya chimodzi tsamba silinkatseguka, n'kuyambiranso. Nthawi zina ali pakati foni inkalumphira ku netiweki ya ku Mozambiki, n'kuyambiranso. Akamaliza kutumiza ankadikira pang'ono, kenako n'kundiimbira, kuti amve m'mawu anga ngati ndawerenga.

Kalata yoyamba sanadzitchule. Ankafuna kuona kaye ngati ndingamvere chisoni mkazi wosamudziwa. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, atazindikira kuti ali ndi pakati, analemba kuti ndine chemwali wanu.

"Ndinakupemphani kuti musaitane akuchimuna," anatero, "chifukwa mukawaitana adzagwadanso, inu n'kundibwezanso. Ndinati mungobwera, munene kuti mayi adwala akundifuna. Basi. Ndinati zovala ndizikhala nditalongedza."

Kachikwama kake kanakhala pansi pa dengu la ufa miyezi isanu. Galimoto iliyonse ikaima kumsewu ankatuluka kukasuzumira.

"Pa Khirisimasi ndinakufunsani ngati mumawerenga zonse, munati zonse. Ndiye ndinadziwa kuti mwawerenga, koma mwasankha alamu anu. Ndinalembabe kawiri pambuyo pake, kaya chifukwa chiyani."

Ndinalumbira kuti sindinalandire ngakhale imodzi. Ndinalumbira mokweza mpaka odwala a pa mabedi ena anatembenuka. Chemwali anangotseka diso lake lotsala lija. Mayi anandigwira bondo n'kunena kuti, "Pitani kaye, bambo, mulekeni apume."

Ndinafika ku Balaka dzuwa likadali pamwamba. Nsapato sindinavule. Ndinatsegula khomo lakuseri pafoni yanga, n'kulemba mawu awiri okha, ndine ine, n'kudina batani. Pasikirini panatuluka mawu anga okongola aja: Zikomo, tamva. Simuli nokha. Ndinatsegula bokosi la makalata. Munalibe kanthu. Ndinadikira, ndinatsegulanso, munalibe kanthu.

Sipanatenge nthawi kuti ndione chimene ndinachita. Khomo lakuseri linali ndi masamba owerenga okha. Munthu akadina batani, kalata inkayenera kuchoka pamenepo kupita kumpanda wina uja komwe kunali bokosi. Kumeneko mlonda wanga, amene ndinamukhwimitsa ndekha, ankabweza aliyense wochokera m'njira yobisika, chifukwa kwa iye munthu wobisa nkhope ndi wakuba. Ndipo tsamba silinkadikira kumva ngati kalata yalowa. Ndinalipanga kuti batani likangodinidwa lizithokoza. Mapanga awiri avumbwitsa, koma wovumbwa sanali ine.

Mlondayo amasunga kaundula wa amene wawabweza. Simukhala dzina, simukhala mawu a kalata, mumangokhala tsiku, ola, ndi liwu loti wabwezedwa. Ndinatenga kalendala n'kuyamba kuyerekeza. Mizere isanu ndi inayi inagwera masana a masiku a msika. Ndinaika chala pamzere wachitatu, wa mu Seputembala, n'kuyesa kukumbuka kuti ola limenelo ndinali kuti. Ndinali m'kalasi, mwina ndikulalatira ana chifukwa chozimitsa kompyuta molakwika. Ndinatenga kapu imene inali patebulo n'kuimenyetsa kukhoma, kenako ndinagwada kutola zidutswa zake, ndikulira ngati mwana.

Koma mizereyo sinali isanu ndi inayi yokha. Panali ina, ya masiku ena ndi maola ena. Ina mwina inali ya otsatsa malonda aja, mwina. Koma chemwali anali atachita zimene ndinamutuma, anawapatsa amayi anzake adiresi ija. Akaziwo ndi ndani, analemba chiyani, ali moyo kapena ayi, sindidzadziwa. Njira ija ntchito yake yobisa inaigwira bwino. Inawabisa ngakhale kwa ife amene ankatilembera.

Kukonza kunanditengera nthawi yochepa kuposa yowiritsa madzi a tiyi, ndipo zimenezi zimandiwawa mpaka pano. Ndinangopanga kuti laputopu ya pansi pa tebulo izilandira yokha makalata n'kuwaperekeza kubokosi monga mlendo wodziwika, ndiponso kuti tsamba lisathokoze munthu kalata isanalowe. Ndinayesa kakhumi, inalowa kakhumi.

M'mawa mwake ndinapita kwa amayi anamwino n'kuwauza zonse nditaimirira, mpando anandipatsa koma sindinakhale. Ndinkafuna andinyoze, andikumbutse za jakisoni zija, kuti mwina mtima upepuke. Sanatero. Anafunsa kuti mizere inalipo ingati, ndinawauza, anatseka maso kanthawi. Kenako anati ndilembe pamwamba pa tsamba, m'zilembo zazikulu, kuti aliyense amene analemba kale osayankhidwa alembenso, chifukwa cholakwa chinali chathu. Anati chathu. Ndinalemba. Koma munthu amene wagogoda kangapo n'kumauzidwa kuti tamva, chitseko osatseguka, sabwereranso kudzawerenga chimene mwapachika pachitsekopo.

Mwanayo sindinamuone. Kwathu khanda lobadwa lakufa amakaika amayi okhaokha, mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda kulira maliro, ndipo amuna sitiyandikira. Ndinangouzidwa kuti anali wamkazi. Akanakhala mbumba yanga, woti tsiku lina ndidzamuimire. Sindidziwa ngakhale pomwe anagona.

Banja la chemwali linatha. Nkhani ya alamu inapita kupolisi, kumene imayenera kupita, ndipo ulendo uno akuchimuna atatumiza mawu oti tikhale pansi, ndinawabweza ndi tambala wawo yemwe. Kulimba mtima n'kosavuta madzi atatayika kale. Chemwali anabwerera kwa Kawinga, kumunda wa mayi.

Ndinadikira mpaka atachira, nyengo ya nandolo, kenako ndinanyamula laputopu ya kuntchito kupita kumudzi. Ndinkafuna aone ndi maso ake kaundula uja, adziwe kuti sindinawerenge n'kukhala chete, kuti sindinasankhe alamu. Ndinamupeza pakhonde akusenda nandolo m'lichero. Ndinakhala pambali pake, ndinatsegula, n'kuyamba kuphunzitsa monga ndimachitira m'kalasi: apa ndi tsamba, apa ndi bokosi, apa ndi mlonda, mizere iyi ndi iwe. Anayang'ana mwaulemu, manja osasiya ntchito. Nditamaliza ndinati andikhululukire, ndinalakwitsa polumikiza, ndikanayesa kamodzi kokha ndikanadziwa.

"Za makinazo ndamva, achimwene," anatero. "Pa zimenezo ndilibe nanu chakukhosi. Makina sanandione." Anaponya makoko pansi n'kutola nandolo wina. "Inu munandiona, tsiku lija ndinkakuthirirani madzi."

Ndinatseka laputopu. Panalibenso choti ndimuonetse.

Patapita kanthawi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi pepala lija. Linali lofewa ngati nsanza, lothimbirira ndi mchere, lonunkha nsomba. M'mipindo momwe zilembo zanga zinafufutika, iye anali atabwerezamo ndi bolopeni yake, mosamala, chimodzichimodzi.

"Tengani," anatero, "mwina wina angalifune."

Lili m'dilowa ya tebulo langa, pamwamba pa laputopu yosweka ija imene ikugwirabe ntchito. Makalata a kukhomo lakuseri tsopano amafika, ndipo ndimayesa ndekha Lolemba lililonse ndisanapite kusukulu. Mawu oti tamva ndinawachotsa, tsamba limangoti kalata yalowa. Kumudzi ndimapita mwezi uliwonse. Chemwali amandilandira chikwama, amagwada popereka moni, amandithirira madzi m'manja mikono ili pamtunda. Ndimamufunsa kuti ali bwanji, ndimafunsa kawiri, katatu, ndikumuyang'ana m'maso. Amati ali bwino, kaya inu achimwene.